Zometera Ziwiri za Malume

Malume anga ankameta ndevu ndi kachometera kachitsulo koikamo lezala, kaja ka zidutswa zitatu kamene umamanga popotokola chogwirira. Anakagula pa tebulo la m'mbali mwa msewu ku Tottenham, kwa munthu wogulitsanso mabatire, zipeso ndi maloko, pa mtengo wosasiyana ndi wa buledi ndi mkaka. Kanali kopepuka ngati supuni ya tiyi. Kunyezimira kwake kunali kutayamba kusupuka m'mphepete, ndipo ukamanga mosasamala lezala linkapendekera mbali imodzi, moti unkayenera kuliyang'ana pa kuwala kwa pawindo n'kulikankha ndi chikhadabo mpaka litalingana. Iwo ankati chimenecho si chilema, ndi khalidwe lake basi.

Malumewa ndi mlongo wawo wa amayi anga. Anathawa ku Malawi nthawi ya chipani chimodzi, ine ndisanabadwe, nakhala zaka zingapo ku Lusaka, kenako n'kudzafika kuno ku London, kumene anakwatira n'kubereka mwana mmodzi wamkazi, msuweni wanga. Akazi awo anamwalira kalekale. Kumudzi zinthu zinasintha, anzawo ambiri anabwerera, koma iwo mantha a masiku amenewo sanawachoke. Foni ikalira ankangoiika kukhutu osalankhula, kudikira kuti woimbayo ayambe ndiye. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni, pamene ankaona aliyense wolowa. Mmalawi watsopano akafika ankamufunsa kwawo, dzina la bambo ake, ndi amene anamukwezera ndege, ndipo pobwerera kunyumba ankati, "Ameneyo wayankha mofulumira kwambiri."

Ine ndinayamba kuwameta chaka chimene manja awo anayamba kunjenjemera. Ndinkakhala ku Barking, ndipo ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamaliramo okalamba ku Ilford, ntchito imene tonse timangoti ya keya. Kumeta nkhalamba inali mbali ya ntchito yanga ya m'mawa, ngakhale kumeneko tinkagwiritsa ntchito makina amagetsi. Tsiku lina anandiitana kuti ndikawaone, ndipo ndinawapeza ali ndi timabala pachibwano, tina tatsopano, tina touma. Anatseka chitseko cha kukhitchini, ngakhale m'nyumbamo munalibe munthu wina, n'kutambasula dzanja lamanja patsogolo panga. Zala zinkagwedera ngati za munthu wozizidwa.

"Waona?"

"Ndaona, malume."

"Zimenezi zithere muno. Msuweni wako asamve. Uzibwera Loweruka lililonse."

Ndinkapitadi. Ankakhala pampando pafupi ndi windo la kukhitchini, thaulo pakhosi. Ndinkaviika kansalu m'madzi otentha n'kuwafunditsa kumaso kuti ndevu zifewe, kenako kupukusa burashi pa sopo wa m'kambale mpaka thovu litakwera. Kachometera kotchipako kankafuna dzanja. Popeza kanalibe kulemera, unkayenera kukanikiza pang'ono, ndipo pansi pa chibwano, pamene ndevu zawo zinamera mopiringizana, unkabwerezabwereza. Okalamba a kuntchito kwathu ambiri amatsinzina ukamawameta, ena mpaka kuwodzera. Malume ayi. Maso awo ankatsatira dzanja langa kuchokera pa beseni mpaka pakhosi.

Loweruka lina nditafika sanandilonjere bwino n'komwe. Anandikokera kukhitchini n'kuloza kunja, pa kakhonde kawo kam'mwamba. Pakati pa ndowa ndi mopu panali phukusi laling'ono, litanyowa mbali imodzi ndi mvula.

"Labwera mkati mwa sabata," anatero. "Dzina ndi langa, keyala ndi yanga, koma wotumiza palibe. Ine sindinaitanitse kanthu."

"Simunalitsekule?"

"Ndiwe mwana iwe. Nthawi yathu phukusi linkaphulika n'kuchotsa munthu zala."

Ndinatuluka kukalitsekula konko pakhondepo, iwo ali kuseri kwa chitseko chagalasi, atachitseka. Mkati munali kabokosi konga ka wotchi, ndipo m'menemo, pa kansalu kakuda, munagona chometera. Nditachinyamula ndinadabwa ndi kulemera kwake. Chinali cha chitsulo chosachita dzimbiri, chosanyezimira mwaphokoso, chogwirira chake chojobedwa timizere tolukana kuti chisaterereke m'manja a sopo. Kalata munalibe. Ndinachifufuza pa foni, ndipo mtengo umene ndinaona unali woti ine ndikanagula nsapato za kuntchito ndi jekete la chisanu.

Malume anachilandira ndi thaulo, osachigwira ndi dzanja. Anachiika patebulo n'kukhala pansi moyang'anizana nacho.

"Ndani akudziwa kuti ndimameta ndi lezala? Masiku ano aliyense ali ndi makina. Munthu ameneyu analowamo m'bafa mwanga."

Yankho linabwera tisanathe kumwa tiyi. Msuweni wanga anaimba foni. Iye anabadwira konkuno, Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo umu ndi mmene ankachezera ndi bambo ake moyo wake wonse, wina uku wina uku. Malume anaika foni patebulo kuti nanenso ndizimva. Anafunsa ngati phukusi lafika. Anati latumizidwa ndi bwenzi lake, mnyamata wa ku Zambia wogwira ntchito ya unamwino, amene malume anali atangomva mbiri yake koma asanamuonepo.

"Akuti chometera cholemera ndiye chabwino, Dadi," anatero m'Chingerezi chake chofulumira. "Simuchita kukanikiza, chimayenda chokha. N'chabwino kwa manja otopa."

Malume anati zikomo, mawu ali pansi, n'kudula foni. Kenako ananditembenukira.

"Wamuuza."

"Sindinamuuze, malume."

"Nanga za manja wazitenga kuti? Amene akudziwa ndi anthu awiri, ndipo mmodzi ndine."

Ndinalumbira, koma kulumbira kwanga kunangowonjezera. Anayamba kundiyalira mmene iwo ankaonera nkhaniyo, modekha, ngati akufotokoza njira ya basi. Choyamba n'chometera. Kenako adokotala. Kenako anthu a kukhansolo kubwera kudzaona ngati nkhalamba ikutha kudziphikira. Mapeto ake fulati kuigulitsa, iwo kukawatula pampando wa kutsogolo kwa wailesi yakanema pakati pa azungu osawadziwa.

"Kapena kuntchito kwanuko kuli bedi lopanda munthu?" anafunsa.

Mawu amenewo anandilasa. Ndinali nditataya ma Loweruka anga ambiri, ena ndikuchokera ku shifiti ndili wotopa, ndipo chinsinsi chawo ndinachisunga ngakhale kwa mkazi wanga. Tsiku limenelo anakana kumetedwa. Ndinatsuka makapu n'kunyamuka, ndipo m'sitima ndinadziuza kuti sindipitakonso.

Koma mkati mwa sabatayo ndinadzipeza nanenso ndikukayika. Sindinkakayikira za khansolo ayi. Ndinkakayikira chitsulocho. Lezala lolowa m'chometera chodulacho linali lomwelo lolowa m'kotchipa kaja, la m'kapaketi kogula pa sitolo ya pakona. Nanga chodula n'chiyani pamenepo, chogwirira? Ndinaonera timakanema ta pa foni ta azibambo ometa m'mabafa owala, aliyense akutamanda chake, ndipo onse ankandionekera ngati anthu olipidwa. Ndinkakayikiranso mnyamatayo. Munthu wofuna mkazi amayamba waonekera yekha, nkhope yake ioneke. Uyu anatsogoza chitsulo. Ndipo funso la malume lija nanenso linkandizungulira m'mutu: mawu akuti manja otopa anachokera kuti?

Loweruka ndinapita. Anatsekula chitseko ndevu zili nyankhalala, zoyera ngati ufa, umboni woti sanayese kudzimeta okha. Za mkangano uja sanatchule. Patebulo anali atayala zometera zonse ziwiri, ndi paketi ya malezala yosatsekula.

"Lero tiona," anatero. "Tsaya lakumanzere kanga kakale. Lakumanja chabwana. Malezala ndisankha ndine."

Anatulutsa awiri, kuwasinthanitsa m'manja kumbuyo ngati mwana wobisa mwala, n'kundipatsa limodzi limodzi. M'kakale muja ndinalimbana nalo monga mwa masiku onse, kulikankha ndi chikhadabo. M'chatsopanocho lezala linangokhala pamalo pake, lowongoka mbali zonse, ndipo pomanga sipanamveke kukhwekhwereza kulikonse. Ndinaona kuti malume aona.

Ndinayamba kumanzere. Kachometera kakale kankalira pa ndevu, khwe khwe khwe, kumakoka pang'ono, ine n'kumabwereza. Nditasamukira kumanja zinali zina. Chitsulo chija chinkatsika chokha, thovu n'kumachoka ngati ukupukuta ndi nsalu, khungu kutsala loyera ulendo umodzi. Ngakhale pansi pa chibwano, povuta paja, chinadutsa osakoka. Ndinayamba kuchikonda ndisakufuna. Koma dzanja langa linali litazolowera kukanikiza, ndipo pafupi ndi khutu, pamene fupa la nsagwada limakhota, ndinakanikiza. Kadontho ka magazi kanatumphuka pa thovu.

Malume sanadzidzimuke. Anatenga kagalasi n'kuyang'ana balalo kwa nthawi yaitali.

"Ndi iwe kapena ndi ichi?"

"Ndine, malume. Ndakanikiza."

"Ukuchiikira kumbuyo."

Nditawapukuta anayendetsa zala pa masaya onse awiri. Lakumanzere linali ndi timinga pang'ono ukalisisita mokweza. Lakumanja linali see, ngati la mwana. Anabwereza kusisita, uku ndi uku.

"Kanga ndimakamva kakamayenda," anatero. "Ndimadziwa pamene kali. Ichi chimadula mwakachetechete. Wandicheka ine osamva. Sindikonda zinthu zachete."

"Koma chameta bwino."

"Sindinakane. Ndikufuna kuona mwini wake."

Anabwera Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi. Malume anandiuza kuti ndikhalepo, sindikudziwa ngati monga mboni kapena monga woimbidwa mlandu mnzawo. Anavala jekete ndi tayi. Chometera chija anachiika pa shelefu, m'kabokosi kake, pamalo oonekera.

Chitseko chitatsekuka analowa msuweni wanga, kumbuyo kwake mwamuna wamtali, wathupi, womwetulira mwamanyazi. Anali ndi ndevu zodzaza nkhope yonse, zakuda bii, zopesedwa bwino ndi zodzola mafuta, zofika pa batani loyamba la shati. Ndevu zotero sizimera mwezi umodzi. Ndinayang'ana malume, n'kupeza iwo akundiyang'ana kale. Kanali koyamba m'masabata amenewo kuti tikhale mbali imodzi.

Mlendoyo anagwada pang'ono popereka moni, dzanja lamanzere litagwira mkono.

"Muli bwanji, atate?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

"Nili bwino, zikomo."

Chinyanja chake cha m'tauni chinawatsitsimula malume pang'ono, ndinaona pakamwa pawo, koma sanalole kuti chiwagonjetse. Anamufunsa kumene anakulira ku Lusaka, msika umene amayi ake ankagulako ndiwo, tchalitchi chimene anabatizidwirako, ntchito imene agogo ake aamuna ankagwira nthawi imene iwo anali kumeneko. Mnyamatayo ankayankha mosathamanga, ndipo pamene sankadziwa ankati sakudziwa. Msuweni wanga ankangotembenuza kapu pa sosala.

Kenako malume anadzuka, kutenga kabokosi kaja ndi lezala limodzi, n'kuziika patsogolo pa mlendoyo.

"Mphatso yanu ndalandira, zikomo kwambiri. Koma ine ndine wachikale, zinthu zamakono zimandivuta. Tandimangirani lezalali, ndione mmene mumachitira."

Mnyamatayo anachinyamula ngati munthu wopatsidwa khanda la eni ake. Anachitembenuza. Anayesa kukoka mutu wake. Anafufuza pokanikiza pansi pa chogwirira. Thukuta linayamba kuoneka pamphumi. Potsiriza anachiika pansi bwinobwino, n'kuseka kaseko kochepa kopanda chimwemwe.

"Atate, ine siniziba. Kunama siningakwanise. Ichi chinthu nachionela pano pamene."

Malume anatembenuza mutu pang'onopang'ono kuyang'ana mwana wawo.

Msuweni wanga anachita chinthu chimene ndinali ndisanamuonepo akuchita. Anayankha m'Chichewa, chake chopunduka chija, akusaka liwu lililonse.

"Ndinagula ndine, Dadi."

"Anakuuza ndani?" Chala chawo chinali chitaloza kale kwa ine.

"Palibe. Iyeyu sananene kanthu. Ndinamufunsa kawiri, ananditembenuzira nkhani ku mpira." Apa Chichewa chinamuthera, n'kubwerera ku Chingerezi, misozi ili m'maso. Anati anaona kutchalitchi, buku la nyimbo likugwedera m'manja mwawo. Anaona kuti tiyi anayamba kuthira theka la kapu. Anaona kuti anasiya kuvala malaya a mabatani ang'onoang'ono. Anaona timabala pachibwano, kenako anaona titasiya kuoneka, n'kudziwa kuti pali amene akuwameta. "Ndine mwana wanu. Ndili ndi maso. Ndimadikira kuti mundiuze nokha."

"Nanga dzina la mwana wa eni akeyu unaliikirapo chiyani?"

Msuweni wanga anati akanati n'chochokera kwa iye, akanamukalipira kuti akuwononga. Komanso ankafuna kuti bambo ake akhale ndi kanthu kamodzi komukondera mnyamatayo asanamuone.

"Ninamuuza kuti ni pulani yoipa," mlendoyo anatero motsitsa, akuyang'ana pansi.

"Koma munavomera."

"Ninavomela, atate."

"Ndiye kuti mwandinamiza awiri." Dzanja lamanja la malume linkagwedera poyera pa bondo, koyamba osalibisa m'thumba. "Tsono mundiuze zoona pamaso pa msuweni wanuyu. Malo mwandipezera kale?"

Msuweni wanga sanamvetse msanga. Nditamufotokozera kuti akunena za nyumba ya okalamba, anadzuka n'kukagwada pambali pa mpando wawo. Anati palibe amene akuwachotsa m'nyumba mwawo. Koma kwa dokotala apita, afune asafune, ndipo awaperekeza yekha. Malume anayang'ana mlendoyo n'kumufunsa, monga namwino, ngati kunjenjemera kotere kumatha. Iye anati sangadziwe popanda kuyezedwa, kuti zoyambitsa zake n'zambiri, ndipo zina zili ndi mankhwala othandiza. Malume anagwedeza mutu. Ndikuganiza kuti akanawalonjeza kuchira, akanamutulutsa.

Kwa ine sanapepese. Pondiperekeza pakhomo anangondigwira paphewa n'kunena kuti, "Anakufunsa kawiri, iwe osandiuza kuti akufunsa." Ndinati ndinkaopa kuwadetsa nkhawa. Anati, "Hmm," n'kutseka chitseko, ndipo ndinamva maloko onse akulira mmodzi mmodzi.

Kwa dokotala anapita. Anawapatsa mapiritsi, ndipo kunjenjemerako kunachepa koma sikunathe. Mapiritsiwo ankawerenga kapepala kake konse asanamwe, ndipo ulendo wina mtundu wa kabokosi utasintha anawabweza ku famase kuti akawafotokozere chifukwa. Mnyamata wandevu uja anayamba kumabwera Lamulungu. Malume ankacheza naye za Lusaka wakale mpaka kuseka, koma akachoka ankandiimbira kundifunsa ngati ndikudziwa aliyense wa ku Zambia amene angatsimikize za banja lake.

Pa zometera sanagamule mlandu. Ndikabwera ankayala zonse ziwiri, n'kusankha malinga ndi mmene adzukira. Akakhala ndi ulendo wa kutchalitchi kapena kuchipatala ankaloza cholemera, osachitchula dzina. Masiku ena onse ankaloza kawo kakale. Ine dzanja langa linaphunzira kusiyanitsa: uku kanikiza, uku ingogwira. Kunena zoona chodulacho chinkameta bwino, mofulumira, ndipo tiziphuphu ta pansi pa chibwano tinachepa. Koma kusiyana kwake sikunali kofika pa mtengo wa jekete ndi nsapato. Kotchipako kankafika komweko, kungoti mochedwa ndi mokangana.

Loweruka lina kuntchito anandiika pa shifiti mosayembekezereka, mnzathu atadwala, ndipo ndinalephera kupita ku Tottenham. Masana, ndili pa buleki kuseri kwa khitchini ya kuntchito, foni inalira. Nditayankha kunali chete, ndiye ndinadziwa kuti ndi iwo.

"Ndine, malume."

"Msuweni wako anabwera. Wandimeta."

"Ndi chiti?"

"Cholemera. Wandimeta bwino. Palibe bala ngakhale limodzi, kuposa iwe."

Ndinaseka, ndinati zimenezo ndi nkhani yabwino. Iwo sanaseke.

"Munthu wometa koyamba sameta choncho. Ndamufunsa kumene waphunzira, akuti waonera pa foni. Iwe ukukhulupirira?"

Ndinati ndikukhulupirira, chifukwa dzanja lake linali lisanazolowere kukanikiza ngati langa. Ndinkamva kupuma kwawo ndi phokoso la mabasi a mumsewu wawo. Kenako anandifunsa ngati Loweruka likudzalo ndibwera. Ndinati ndibwera. Anati pobwerapo ndidzagule malezala atsopano ndekha, ku Barking konko, osati pa sitolo ya pakona pawo, chifukwa mwini sitoloyo wayamba kuwafunsa kuti akupeza bwanji.